Phazi la Ababa Linafupika Papepala

"Tainunkhizeni! Musatembenuze nkhope madala, tainunkhizeni nsapato yanuyi! Mwasoka nsapato kapena msampha?"

Achemwali anaiponya pathebulo, pakati pa zidutswa za zikopa ndi zitini za guluu. Inali yakumanja, yabulawuni, ya zomatira ziwiri pamwamba, kunja kwake ikadali yatsopano. Mkati mwake, pamene pamakhala kachala kakang'ono, panali banga lakuda lalikulu ngati chivindikiro cha botolo.

A Zitendene, mmisiri wosoka nsapato za anthu odwala shuga, anavula magalasi n'kuwavalanso.

"Mayi, ine ndimasoka zomwe pepala landiuza."

"Ndiye pepalalo ndi limene linakuuzani kuti muwoletse phazi la bambo anga?"

"Pepala lawo lili apo, pamsomali. Litengeni, muikepo chikombole chimene ndinasema, muone ngati ndaphonya ngakhale tsitsi limodzi."

"Ine mundipatse pepala? Ndikalipake pachilonda?"

Pakhomo panaima mlongo wawo wamng'ono, amene anthu onse ankamutchula kuti Madontho, chikwama cha zipangizo chili paphewa. Sanalowe, sanabwerere. Pepala linali pamsomalilo linatuluka mu pulogalamu imene analemba iye mwini, ndipo wodwala amene ankakambidwayo anali bambo ake omubereka. M'mawa womwewo anali atawasiya muwodi, dilipi ili padzanja. Dokotala ananena mosazungulira: ayesa mankhwala, ayesa kutsuka chilonda, koma kuda kwa chilondacho kukapitirira kukwera, phazi alidula.

Achemwali anatembenuka.

"Nawe usangoti tong'o ngati mtengo wa magetsi. Si iwe unawatengera kuno? Lankhula!"

Madontho anakweza maso. Anangozindikira kuti akuyang'ana fani ya kudenga, akuganiza zoti phiko limodzi ndi lopindika.

Munthuyu sanaphunzire za makompyuta m'kalasi, ndipo aliyense amene anganene kuti n'chifukwa chake zinalakwika abwere adzanene pamaso. Anasiya sukulu mayi awo atamwalira, n'kupeza ntchito pa kashopu kokopera mapepala kamene kali pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, pamalo poti ukaima bwinobwino mutu umagunda simenti. Ankasanja mapepala ndi kusesa. Makina akafa, mwini shopu ankaitana wokonza, ndipo Madontho ankaima kumbuyo kwake ngati mthunzi mpaka anayamba kukonza yekha. Kulemba mapulogalamu anakuphunzira m'buku lina lopanda chikuto limene kasitomala anaiwala, kenako pafoni, usana wonse pakakhala popanda anthu. Achemwali ankamuseka kuti injiniya wa pansi pa masitepe. Iye ankangomwetulira, zala zili bii ndi inki.

Dzinali anam'patsa ndi makasitomala. Munthu abwera ndi kachithunzi ka mufoni kakang'ono ngati chikhadabo, akuti mundikulitsire chifike ngati chitseko. Chikatuluka, nkhope ili phalaphala, mphuno yosadziwika komwe yathera. Munthu uja ayamba kukalipa kuti makina anu ndi akale. Apo Madontho ankakoka mpando.

"Si makina mayi, ndi madontho. Chithunzi chilichonse ndi timadontho tondondozana. Makinawa ukawauza kuti pa inchi imodzi aikepo madontho ambiri, chithunzi chimatuluka chaching'ono koma chooneka bwino. Ukawauza kuti aikepo ochepa, chimakula koma chimasungunuka. Madontho ndi omwewo, kusiyana n'kuthithikana kwake."

"Ine ndabwerera chithunzi cha mwamuna wanga, sindinabwerere sukulu."

"Eya, koma ndi madontho basi."

Mpaka ogulitsa zinthu pamsewu anayamba kumukuwa akamadutsa: a Madontho, lero aikapo angati? Sanakwatire. Ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa malo ogulitsa matayala, bedi litapanikizidwa ndi mapirinta akufa amene eni ake sanabwerenso kudzatenga. Loweruka ankapita kwa achemwali, kumene kunkakhala ababa, n'kukawameta ndevu pakhonde.

Ababawo anagwira ntchito moyo wawo wonse pafakitale yotsuka mabotolo, ataima pasimenti yonyowa, atavala majombo a kampani amene sanawakwanepo chilowereni ntchito. Sanali munthu wodandaula. Dzino likawawa ankati lizolowera. Shuga itawagwira, mapazi anayamba kuchita dzanzi, kenako anangoti zii, osamvanso kanthu. Tsiku lina anayenda m'nyumba monse kamsomali katabaya kuphazi, achemwali n'kumakalipira ana kuti ndani wadontheza sosi pansi. Ababa anaseka kwambiri tsiku limenelo. Ankati matendawa ndi aulemu, salira.

Malo osokera nsapato aja anali a mayi wina wochenjera pamalonda, amene antchito ake ankangowatchula kuti abwana. Kale odwala ankabwera okha. A Zitendene ankagwada, kuika phazi la munthu papepala, kulizunguliza ndi pensulo, n'kulifinyafinya ngati akusankha chipatso pamsika. Koma odwala ambiri ankachokera ku kiliniki ya shuga imene ili mbali ina ya tauni, basi ziwiri, ndipo munthu wa mapazi akufa sayenda ulendo wotero mwachisawawa. Abwana anagula sikana yagalasi n'kukaiika ku kiliniki komweko. Namwino aika phazi la wodwala pagalasi, chithunzi chibwera pa intaneti, pepala lituluka pathebulo la a Zitendene. Nzeru yabwino, asaname munthu. Chinasowa ndi pulogalamu yolandira chithunzi n'kuchisindikiza mulingo weniweni wa phazi, ndipo amakampani atatchula mitengo yawo abwana anagwira pamtima. Wina anawauza za munthu wa pansi pa masitepe.

Madontho anailemba pulogalamuyo ndi mtima wonse. Ntchito yolankhula ndi pirinta sanaiyambe payekha, palibe amene amatero. Anatenga laibulale, ndiko kuti mtolo wa malamulo olembedwa kale ndi anthu ena, umene aliyense amautenga pa intaneti kwaulere n'kuumangirira mu pulogalamu yake. Iwe umangouza laibulale kuti nachi chithunzi, sindikiza, iyo n'kumalizitsa zotsalazo. Sikana ya ku kiliniki inkajambula madontho 96 pa inchi iliyonse, n'kulemba nambala imeneyo mkati mwa chithunzi. Laibulale inkaiwerenga yokha nambalayo. Madontho anayesa ndi phazi lake, anayesa ndi lula yoyezera, zonse zinagwera pamzere. A Zitendene anakhala sabata zingapo akukayika, akuyitanitsa odwala apafupi kuti adzaponde papepala, mpaka anagonja.

"Kamwana ka pirinta kandilanda maondo," ankatero. "Ndikupita kumanda ndisanagwadirenso munthu."

Zinayenda choncho zaka. Ndiye nyengo ina ya mvula magetsi anabwera mwaukali n'kuotcha kompyuta ya pamalopo. Abwana anagula yatsopano m'mawa mwake, n'kuimbira Madontho kuti mapazi aunjikana, athamange. Anathamanga. Pulogalamu inakana kudzuka chifukwa laibulale yakale sinkagwirizana ndi kompyuta yatsopano. Anatsitsa laibulale yomweyo koma yotuluka kumene, pulogalamu inadzuka, pirinta inalira, phazi linatuluka. Zala zisanu, chidendene, mizere yakuthwa kuposa kale. A Zitendene analikweza m'mwamba n'kunena kuti laterolo ndiye pepala. Foni ya Madontho inali ikulira m'thumba, pasukulu ina makina anali atameza mayeso a ana. Ananyamula chikwama.

Sanaike lula. Zimenezo n'zoona ndipo palibe chozibisira. Koma m'chipindamo munali anthu atatu a maso awiriawiri, ndipo onse anaona phazi.

Patapita miyezi, dokotala wa ku kiliniki anauza ababa kuti asiye nsapato za pamsika. Madontho anawaperekeza yekha. Anawavula sokosi yekha, n'kuwathandiza kuponda pagalasi, akuuza namwino monyadira kuti awa ndi bambo anga. Nsapato zitapsa anazitenga m'bokosi mpaka pakhonde pa achemwali, n'kuwaveka.

"Zikuthina ababa?"

"Zili bwino."

"Tayendani tione. Sizikukanda penapake?"

"Ndati zili bwino. Ngati ndaponda pamtsamiro."

Kufunsa munthu wa mapazi akufa ngati nsapato ikuthina! Koma ndi mmene aliyense amafunsira chibadwire, ndipo achemwali omwe anali pomwepo akuombera m'manja. A Zitendene amasiya mpata wa chala chamanthu kutsogolo kwa nsapato iliyonse, choncho phazi linalowa bwinobwino. Chimene chinachepa chinali m'mbali. Masana phazi la wodwala shuga limatupa, ndipo kachala kakang'ono kanayamba kukhuzika pachikopa.

Ababa anazikonda nsapatozo mopitirira muyeso. Ankazivala kuyambira m'mawa, kukhala nazo pakhonde miyendo atatambasula kuti odutsa aone. Woyandikana naye nyumba akafunsa, ankati izi sizogula m'shopu, izi anajambula ndi makina a mwana wanga. Namwino anali atanena kuti mapazi aziyang'anidwa madzulo alionse, ndipo kale achemwali ankachita zimenezo ndi tochi. Koma nsapato zachipatala zitabwera aliyense mtima unakhala pansi. Ababanso anayamba kukana, amvekere ine si khanda, ndimasamba ndekha. Maso awo anali atayamba kale kuchita nkhungu. Chimene chinaulula ndi fungo.

Achemwali atatopa kukalipa tsiku lija anatola nsapato yawo n'kutuluka, akumugunda Madontho ndi phewa pakhomo. A Zitendene anakhala pansi. Anatenga mpeni, anauika. Anatenganso.

"Aphiri anga," anayamba, kenako anasiya chifukwa sanali kudziwa n'komwe mfunda wa munthuyu. "A Madontho. Ine zaka zonsezi sindinapundulepo munthu."

"Ndamva."

"Mwina ndi shuga yawo yakwera. Zimachitika."

"Mwina."

Masiku otsatira Madontho ankadzuka, kusamba, kupita kuchipatala, kupita kuntchito. Ankadya chifukwa nthawi yakwana. Muwodi munkanunkha mankhwala otsukira pansi ndi nthochi zakupsa. Namwino anali atajambula mzere ndi cholembera pamwamba pa phazi la ababa, pamene kuda kunalekezera, kuti aziona ngati kukudutsa. Phazilo linkakhala pamtsamiro, lokulungidwa, lalikulu ngati mwana wakhanda.

"Akuti likuwola," ababa anamuuza mwansangala. "Ine ndikungomva kukoma. Anzangawa usiku wonse mayo mayo, ine tulo."

"Mwadya?"

"Ndadya. Iwe, nsapato zanga zili kuti? Muno muli akuba. Uyo wa pakonayo akuoneka wa saizi yanga."

"Zili kunyumba."

"Uzipukute. Ndikatuluka ndizivala."

Achemwali, amene ankapinda zovala m'mbali mwa bedi, anaponya thaulo pansi n'kutuluka panja. Madontho anatola thaulolo, kulipinda, kuliika pa loka. Anayang'ana mzere wa namwino. Kuda kunali kutaugunda.

Sikuti anakhala pansi n'kuganiza mozama ayi. Mutu unali ngati wailesi yopanda siteshoni. Anangopezeka m'mawa wina ali m'basi yopita ku kiliniki, lula yachitsulo ya masentimita 30 ili m'chikwama. Namwino wa kumeneko ankamudziwa.

"A Madontho, lero mwabweretsa phazi la ndani?"

"Ndikufuna ndijambule ichi."

"Lula yadwala shuga?"

Sanaseke, ndipo namwinoyo ataona nkhope yake anasiya. Anaika lula pagalasi, makina anawala, chithunzi chinapita. Basi ziwiri kubwerera. Atafika, pepala linali litatuluka kale, a Zitendene akulitembenuza uku ndi uku.

"Wodwala uyu ndiye woonda."

Madontho analiyala pathebulo, kukankha zikopa, n'kugoneka lula yeniyeni pamwamba pa chithunzi chake. Anafananitsa poyambira. Timizere toyamba tinagwirizana. Pofika pakati tinayamba kusemphana pang'onopang'ono. Kumapeto, lula yachitsulo inatulukira kunja kwa chithunzi kupitirira sentimita yathunthu.

A Zitendene anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala. Anasuntha lula, kuibwezera, kuisunthanso.

"Chitsulo sichitalika," anatero motsitsa.

"Ayi."

"Ndiye kuti pepala lafupika."

"Eya."

"Kuyambira liti?"

"Kompyuta itapsa."

Mkuluyo anayang'ana msomali wa pakhoma, pamene mapepala a mapazi anatungidwa mulu wokhuthala ngati buledi. Anapita pampopi wa pakona n'kuyamba kusamba m'manja, manja oti analibe litsiro.

Madontho anakhala pakompyuta. Anatsegula tsamba limene olemba laibulale amafotokozapo zimene asintha, tsamba lalitali lachingerezi limene munthu wothamangira kuntchito saliwerenga. Chapakati, pakati pa zinthu zina zambirimbiri, panali chiganizo chimodzi. Chinkati kuyambira tsopano laibulale siziwerenganso nambala ya madontho mkati mwa chithunzi, wolemba pulogalamu aziipereka yekha, ndipo akapanda kuipereka iyo iziika madontho 100 pa inchi.

Basi. Sikana ikuti 96, laibulale ikuti 100. Madontho omwewo, kungothithikana pang'ono. Pa zana lililonse, anayi kusowa. Phazi la ababa linataya sentimita imodzi m'litali ndi kachidutswa kochepa ngati m'mphepete mwa ndalama yachitsulo m'mbali. Diso silingaone. Ndipo wodwala wake ndi uja samva.

Ndiye amene anakhala pampandopo ndi munthu amene theka la moyo wake wakhala akulalikira anthu za madontho mpaka kumupatsa dzina. Dziko ili lilibe manyazi.

Anatsegula pulogalamu yake, kupeza pamene imaitana laibulale, n'kuwonjezera mzere umodzi: werenga nambala ya madontho m'chithunzi, uipereke kwa pirinta, ndipo ikasowa usasindikize chilichonse. Madzi a a Zitendene anali asanatsekedwe n'komwe pampopi pamene iye anamaliza. Anasindikizanso lula. Anagoneka yachitsulo pamwamba. Zinagwirizana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, mzere pamzere.

Anadikira kuti amve kanthu. Anaganiza kuti mwina alira, mwina aswa kompyuta. Palibe. Anangomva njala pang'ono. Anauza a Zitendene kuti abwana akabwera awauze kuti onse amene analandira nsapato mvula itayamba aimbiridwe, azivule lero lomwe. Kenako anapita kukachotsa pepala lotsamwa m'makina a loya wina, chifukwa anali atalonjeza. Analichotsa bwinobwino, anapukuta ndi magudumu omwe.

Madontho anawapeza achemwali pabenchi ya m'khonde la chipatala, atavula nsapato, akudya mabisiketi ouma kuchokera m'chikwama. Anakhala pambali pawo. Anafotokoza zonse ndi mawu amene amafotokozera makasitomala, osakwera, osatsika.

"Usandiuze za manambala," anamudula. "Ine sukulu ya manambala ndinaithawa. Nsapato inali yaing'ono?"

"Inali yaing'ono."

"Madala aja anasoka molakwika?"

"Ayi. Anasoka ndendende ndi pepala. Pepala ndi limene linali laling'ono."

"Analichepetsa ndani?"

"Panali mzere umodzi wofunika kulembedwa mu pulogalamu. Sunalembedwe."

"Ndi ndani?"

"Ndi ine."

Achemwali anasiya kutafuna. Anamuyang'ana nthawi yaitali, mlongo wawo yemwe anamulera okha mayi atapita, amene ankamumenyera nkhondo ana a pamsewu akamulanda mpira.

"Zaka zonsezi zinkayenda bwanji popanda mzerewo?"

"Laibulale inkachita yokha. Eni ake anasintha."

"Eni akewo ali kuti? Ndipatse adiresi."

"Alibe ofesi achemwali. Ndi anthu ongodzipereka, wina dziko ili, wina dziko lina. Ena sadziwika ndi maina omwe. Analemba kuti asintha."

"Anakulembera iwe?"

"Analemba patsamba lawo."

"Iwe unawerenga?"

"Ayi."

Anayembekeza mbama. Akanailandira, mwina ikanamudzutsa. Koma achemwali anangotseka pepala la mabisiketi, kulipinda kawiri, n'kuvala nsapato.

"Ababa usawauze," anatero. "Ukangoyerekeza, ndikuthyola khosi ndi manja angawa."

Kuda kunadutsa mzere wa namwino. Anajambula wina pamwamba pake, nawonso unadutsidwa. Ababa anayamba kutentha thupi, nthabwala zinachepa, tsiku lina anamutchula Madontho ndi dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Dokotala anawaitanira awiriwo m'kachipinda kopanda zenera n'kunena kuti kudikira kwatha. Zala zonse zipita, pamodzi ndi theka lakutsogolo la phazi. Chidendene ayesetsa kuchisiya. Madontho anagwedeza mutu ngati akuuzidwa mtengo wa inki. Anaona kuti pirinta ya pathebulo la dokotala ikuthwanima kanyali kofiira, ndipo anadziwa vuto lake.

Ababa anawalowetsa ku opaleshoni m'mawa. Chakumasana abwana anatulukira m'khonde atanyamula botolo la juwisi ndi malalanje m'jumbo, a Zitendene ali pambuyo atavala jekete la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Anapereka moni motsitsa mawu n'kukhala pabenchi yoyang'anana. Palibe amene anagwira malalanjewo.

Ababa atawatulutsa n'kuwabwezera muwodi, namwino analola munthu mmodzi yekha. Analowa achemwali. Atatu otsalawo anakhala akuyang'ana matailosi.

"Taimbira onse," abwana anauza Madontho monong'ona. "Ena awiri ali ndi zilonda, koma zazing'ono. Mulungu ndi wabwino." Anakonza chikwama pamiyendo. "Izi ndi ngozi ya makina, a Madontho. Musadziimbe mlandu. Palibe amene analakwa apa."

"Ine ndinatsata pepala," anatero a Zitendene, osauza munthu aliyense.

"Ndi zimene ndikunenazo. Inu munatsata pepala, ine za makompyuta sindizidziwa, awa anakonza mwachangu chifukwa odwala ankadikira. Ngozi basi."

Madontho ankamva mawuwo ngati akuchokera m'chipinda china.

Chitseko cha wodi chinatseguka. Achemwali anatuluka, maso ali gwa, opanda msozi. Zikuoneka kuti mawu omalizawo anawamva. Anaima pakati pa mabenchi awiriwo, manja m'chiuno, ndipo sanasamale zoti pakhoma palembedwa kuti pasakhale phokoso.

"Adzuka," anatero. "Apapasa bulangeti, apeza pamene phazi lathera. Sakulira. Akufunsa funso limodzi. Akuti ine ndinasiya shuga mu tiyi, mankhwala ndimamwa, nsapato za adokotala ndinkavala tsiku lililonse monga anandiuzira, nanga ndinalakwitsa pati? Akuganiza kuti olakwa ndi iwo! Akundipepesa ine kuti andivutitsa!"

"Mayi, pepani kwambiri," anayamba abwana, "makinawa nthawi zina..."

"Makina ati? Makina anadzigula okha? Anadzichotsera okha munthu wogwada pansi n'kuyeza phazi? Inu munafulumizitsa ntchito, awa anasoka osaona mwini phazi, uyu sanaike lula, azungu ake a pa intaneti anasintha nambala ali pa khofi. Nonsenu muli ndi zala khumi kumapazi. Ndinati asauzidwe, koma sindilola kuti bambo anga agone mmenemo akudziyesa chitsiru. Ndipo ine sindibwereramo ndi mawu oti ngozi, ndatopa kunyamula zonyamula za eni. Malalanje anuwo tengani. Chitseko ndi icho, bedi lachitatu kumanzere. Mmodzi wa inu adzuke, alowe, awayang'ane kumaso, awauze amene wadya phazi lawo. Ndikudikira. Akudzuka ndani?"